Akaidi aziimba, azisewera zisudzo

Achimwene, mwafunsa kuti magitala ndi zisudzo n'zantchito yanji kundende pomwe akaidi amadya kamodzi patsiku. Njalayo ndi yoona, ndipo palibe nyimbo ingalowe m'malo mwa nsima. Koma sindikugwirizana nanu kuti zaluso ndi kusasatitsa olakwa.

Mu 2013, Ian Brennan, katswiri wojambula nyimbo wa ku America, ndi mkazi wake Marilena Delli analowa m'ndende ya Zomba kukajambula nyimbo za akaidi. Ndendeyi inamangidwa kuti izisunga anthu 340, koma panthawiyo munali oposa 2,000. Chimbalecho chinatuluka mu 2015, ndipo mu 2016 chinapikisana nawo pa mphoto za Grammy, koyamba m'mbiri ya Malawi. Mphoto inapita kwa Angélique Kidjo, woimba wa ku Benin. Chimene chimandikhudza ine ndi amayi a m'ndendemo. Abambo anali kale ndi bandi ndi zida zawo, amayi analibe kanthu koma mawu ndi zidebe, komabe nyimbo zawo zinalowa m'chimbale. Anthu omwe ngakhale abale awo anawaiwala, dziko lonse linawamva.

Zisudzo nazo musazipeputse. Maparaligo, anthu othandiza ena pa zamalamulo ngakhale si maloya, akhala akuzigwiritsa ntchito m'ndende zathu pophunzitsa anthu amene ali pa rimandi. Mmodzi amakhala woweruza, wina woimira boma, wina woimbidwa mlandu, n'kumayeserera kapemphedwe ka belo. Taganizani munthu amene sukulu analekera sitandade 3, sanapondepo m'khoti, akangomva Chingerezi mtima phaa! Ameneyu kumuwerengera malamulo papepala n'kutaya nthawi. Koma akasewera yekha mbali yakeyo kangapo, tsiku la mlandu amaima n'kulankhula, ndipo ena amatuluka chifukwa chongodziwa zopempha. Malo ogona amapezekanso kwa otsalawo.

Kumbali ya sukulu, akaidi amalemba mayeso a MANEB, ena mpaka kukhoza MSCE. Koma bambo wa zaka 40 amachita manyazi kukhala pansi kuphunzira a, e, i, o, u. Akapeka nyimbo yake, amafuna kuilemba kuti asaiwale, ndipo cholembera amachipempha yekha. Mlakatuli Jack Mapanje ali m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 ankasunga ndakatulo zake m'mutu chifukwa samaloledwa kulemba. Lero tisamane akaidi pepala.

Ambiri mwa anthuwa adzatuluka, adzabwerera m'midzi ndi m'matauni mwathu momwemu. Ine ndingakonde woyandikana naye nyumba amene zaka zake zam'ndende anazithera mu kwaya ndi m'kalasi kusiyana ndi amene anangokhala chopanikizana m'selo, mkwiyo ukukula. Ngati mpingo wanu umakachezera akaidi, tengani sopo ndi ufa monga mwa nthawi zonse, koma muonjezepo makope, zolembera ndi nsambo za gitala, mutayamba mwafunsa akuluakulu a ndendeyo zimene amalola kulowetsa.