Mfumukazi Wongyeong ndi alongo ake anayi

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti mafumu akale a ku Korea ankapha azilamu awo mkazi ali moyo. Zinkachitikadi. Taonani za Mfumukazi Wongyeong, mkazi wa Mfumu Taejong ya ufumu wa Joseon, mayi ake a Sejong uja anayambitsa zilembo za Hangul, zolembera Chikoreya.

Anabadwa mu 1365 m'banja la a Min a ku Yeoheung, bambo ake anali a Min Je. Anakwatiwa ndi Yi Bang-won, amene anadzakhala Mfumu Taejong, mu 1382, kutatsala zaka khumi kuti apongozi ake, Yi Seong-gye, akhazikitse Joseon. Bang-won anali mwana wamwamuna wachisanu, koma bambo ake mpando anaulonjeza kwa Bang-seok, mng'ono wake wa mayi wina. Nduna Jeong Do-jeon itakakamiza kuti ana a mfumu asakhale ndi asilikali awoawo, mayiyu anabisa zida. Mu 1398 zidazo zinatuluka, Jeong ndi Bang-seok anaphedwa, ndipo mu 1400 Bang-won analowa ufumu. Alongo a mkaziyo, Min Mu-gu ndi Min Mu-jil, anali pambali pake pa nkhondoyo.

Ndiye chinalakwika n'chiyani? Mwana wolowa ufumu, Yangnyeong, anakulira kwa agogo ake akuchikazi, pamaso pa atsibweni akewa. Taejong ankadziwa kuti iye akangochoka, mwana adzakhala pampando koma olamula adzakhala atsibweni. Mu 1406 analengeza kuti akutula pansi ufumu, kenako n'kusintha maganizo. Chaka chotsatira Mu-gu ndi Mu-jil anaimbidwa mlandu woti nkhope zawo zinaoneka zachimwemwe pamene mfumu inkati ikuchoka. Mlandu wa nkhope basi! Anawathamangitsira kutali, mpaka ku chilumba cha Jeju. A Min Je atamwalira mu 1408 panalibenso wowatchinjiriza, ndipo mu 1410 analamulidwa kudzipha. Otsala awiri, Mu-hyul ndi Mu-hoe, zinawagwera zomwezo mu 1416.

M'nyumba namonso munalibe mtendere, chifukwa mfumu inkangotenga akazi ena ndipo awiriwa ankakangana kwambiri. Komabe sinamuchotse paufumukazi. Kumuchotsa kukanaipitsa dzina la ana ake, omwe ndi amene ankayembekezera mpando.

Ana ake amene sanamwalire ali makanda anali asanu ndi atatu, amuna anayi ndi akazi anayi. Chaka cha 1418 chinali cholemera: chitsirizira wamwamuna, Seongnyeong, anamwalira akadali mnyamata, Yangnyeong anachotsedwa paudindo wolowa ufumu, ndipo wachitatu, Sejong, anavekedwa ufumu Taejong atatula pansi udindo. Chaka chomwecho Taejong anaphetsanso Sim On, apongozi ake a Sejong, pa mantha omwe aja a akuchikazi.

Wongyeong anamwalira mu 1420 atadwala malungo. Manda ake ali ku Heolleung, kummwera kwa Seoul, ndipo Taejong atamwalira mu 1422 anamuika pambali pake.