Jazi, flamenco ndi wojambula usiku umodzi: yambani ndi povinira

Mayi wina watitumizira imelo yofunsa kuti: "Tikukonza chionetsero. Tili ndi oimba jazi anayi, wovina flamenco mmodzi ndi mnyamata woti azijambula ndi penti anthu akuona. Holo yake pansi ndi pasimenti. Tiyambire pati?"

Mayi, yambirani pasimenti pomwepo. Nsapato za flamenco, gule wa ku Spain wodinda mapazi, zimakhomedwa timisomali kutsogolo ndi kuchidendene, choncho wovinayo ndi woimba ng'oma, ndipo ng'oma yake ndi pomwe akupondapo. Simenti imameza mawu n'kumupweteka maondo ndi msana. Kalipentala akupangireni nsanja ya mapulaiwudi awiri okhuthala mamilimita 18. Imodzi imakhala mamita 2.44 mulitali ndi 1.22 mulifupi, ndiye mukagundanitsa awiri wovina mmodzi amakwana. Akhazikidwe pa timatabwa totalikirana masentimita 40, kunsi kwake muike zidutswa za labala. Mpata wakunsiwo ndiwo umatulutsa mawu. Amange ndi masikuluwu olowa kwambiri, chifukwa misomali imasolomoka ndi kudinda. Polishi musapake ngakhale pang'ono.

Nkhani yaikulu ndi mawerengedwe. Jazi wambiri amayenda kanayi kanayi. Magule a flamenco a ku Andalusia, kumwera kwa Spain, monga bulería, soleá ndi alegrías, amawerenga mpaka 12, ndipo amatsindika pa 3, 6, 8, 10 ndi 12. Wang'oma amene anazolowera kutsindika pa 2 ndi 4 sachedwa kusemphana ndi wovina, ndipo ngakhale munthu wosadziwa nyimbo amamva kuti penapake pavuta. Ngati masiku oyeserera ndi ochepa, sankhani tangos kapena rumba, magule a flamenco oyenda kanayi. Bulería muisungire kumapeto, kenanso pokhapokha aiyeserera pamodzi mokwanira.

Chinanso, amagwira chiwongolero ndi wovina. Akadinda mwapadera kuti gawo likusintha, chimene amati llamada, kapena akayamba kufulumiza mapazi, oimba amamutsata. A jazi ambiri amatsinzina n'kumawerenga okha mizere 32 ya nyimbo yawo. Apa ayi, maso akhale kumapazi. Muwakhazike mozungulira kumbuyo kwa nsanjayo, aliyense aziona nsapato. Pakhalenso munthu mmodzi woomba m'manja, zija amati palmas, amene ntchito yake ndi kusunga 12 uja basi. Osamupeputsa ameneyu, chifukwa enawo akasochera amabwerera kwa iye.

Ng'oma za jazi zikamalira zonse zimaphimba mawu a mapazi. Wang'oma aimbe ndi maburashi, timitengo tatimawaya toliza ng'oma mofewa, apo ayi akhale pa cajón, bokosi lathabwa lochokera ku Peru lomwe woimba gitala Paco de Lucía analowetsa mu flamenco chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Oimba anu amvetsereko Jorge Pardo pa sakisofoni ndi Chano Domínguez wa ku Cádiz pa piyano, amve momwe anzawo amapitira mu 12 osataya jazi. Maikolofoni imodzi igone pansi m'mbali mwa nsanja.

Za wojambula n'zosavuta, bola akhale payekha. Choimikira chinsalu chake chisakhudze nsanja ya wovina, chifukwa kudinda kulikonse kumagwedeza burashi, ndipo dontho limodzi la penti kapena madzi povinira ndi ngozi. Agwiritse penti wa akiliriki, amene wopakidwa mopyapyala amauma pasanathe theka la ola. Wamafuta amatenga masiku, ndipo fungo la tapentaini, mankhwala osungunulira pentiyo, m'holo yotseka limatsamwitsa woliza sakisofoni. Mumpatse getsi lakelake loyera. Magetsi ofiira ndi abuluu a pasiteji amanamiza maso, munthu n'kusakaniza mtundu womwe mawa adzaukana. Chinsalucho achipake mtundu wakunsi dzulo lake, ndipo aime chammbali, kuti anthu aziona chithunzi osati msana wake.

Usikuwo muugawe pawiri, mphindi 40 mbali iliyonse. Wovina asavine nyimbo zoposa ziwiri motsatizana. Akamapuma oimba atsale okha, ndipo getsi lalikulu lipite kwa wojambula.