Mafunso Anu: Ophunzira a ku yunivesite akatsikira kuchigwa cha Shire

Funso: Zikomo alangizi. Ndili chaka chachitatu ku yunivesite. Mu Novembala tikutsikira ku Nsanje anthu asanu kukachita kafukufuku m'midzi kwa masabata asanu ndi limodzi. Kwathu ndi ku Dedza, kuchigwa sindinapondeko. Tikonzekere bwanji kuti tisakalakwire anthu, komanso tikabwereko bwino? (Wophunzira, Zomba)

Yankho: Achimwene, yambani ndi kalata. Ya kusukulu kwanu ikafike kaye kwa a DC, kenako kwa a T/A, kwa a gulupu, n'kumalizira kwa nyakwawa ya mudzi umene mukagwiremo ntchito. Ambiri amalakwitsa pomwepa. Amatsika minibasi n'kuyamba kufunsa amayi pa mjigo, ndiye kukamacha mbiri yawanda yoti kwabwera olemba maina a chimanga. Dera limeneli linakhudzidwa ndi madzi osefukira mu 2015, mu 2022, komanso namondwe Freddy mu 2023, choncho mlendo wonyamula kope ndi cholembera amayesedwa wa bungwe lothandiza. Nenani poyera pamaso pa mfumu kuti ndinu ana asukulu, mulibe choti mugawe, ndipo wosafuna kuyankha asakakamizidwe. Mukabisa zimenezi anthu adzakuuzani zokokomeza, kafukufuku wanuyo n'kukhala wabodza.

Kwa mfumu vulani chipewa, khalani pomwe akulozerani, foni ikhale m'thumba mpaka malonje atatha. Atsikana asaiwale chitenje. Anthu ambiri ku Nsanje amalankhula Chisena, ndiye pemphani mfumu ikupatseni womasulira, ndipo kuseka kalankhulidwe ka eni mudzi kusiyeni ku hositelo. Ku Khulubvi, malo opatulika a chipembedzo cha Mbona, simulowa mwa inu nokha. Funsani osunga malowo. Zithunzi nazo: munthu amene nyumba yake inagwa si wongomujambula n'kumuponya pa Facebook. Pemphani, ndipo ngati ndi mwana, kholo lake livomere.

Tsono dzuwa. Novembala wakuchigwa si wa ku Dedza, kutentha kumapitirira madigiri 40. Gwirani ntchito kuyambira 6 mpaka 10 koloko m'mawa, n'kuyambiranso cha m'ma 3 koloko. Munthu mmodzi amwe malita atatu kapena anayi patsiku. Mijigo ina kumeneko imatulutsa madzi amchere, ndiye anthu amathamangira a kumtsinje. Amenewo muwiritse kapena muthire mankhwala a klorini n'kudikira mphindi 30. Tengani mapaketi a Thanzi ORS, obwezeretsa madzi m'thupi, paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi. Mnzanu akayamba chizungulire, kusanza kapena kuyankha zosagwirizana, muikeni pamthunzi, mumunyowetse thupi lonse, muthamangire naye kuchipatala.

Mu Shire musasambe, musachape. Ng'ona imadikira pamalo pomwe anthu amatsikira tsiku ndi tsiku, ndipo m'madambo muli likodzo. Bwato lodzaza kapena lowoloka kukada lilekeni lipite. Usiku neti, ngakhale kutenthe chotani. Thupi likatentha, kayezetseni malungo tsiku lomwelo. Ndipo wina asapite yekha kumudzi wakutali osauza anzake kumene walowera ndi nthawi yobwerera.

Funso: Mwana wanga wamkazi ali pa atachimenti pa ofesi ina kuno. Womuyang'anira akumuitanira ku malo ogona alendo, akuti akakana samusainira fomu. Mwanayo akuopa kulephera. Titani? (Mayi, Nchalo)

Yankho: Mayi, mwachita bwino kumumvera mwanayo m'malo momukalipira. Zimene akuchita bamboyo ndi mlandu. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati wozunza mnzake pofuna zachiwerewere atha kulipitsidwa K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka zisanu.

Chomwe chimagwetsa milandu yotere ndi umboni. Atsikana ambiri amafufuta mauthenga chifukwa cha manyazi. Asafufute. Ajambule mauthenga a pa WhatsApp nambala ndi tsiku zikuoneka, atumize kwa inu kuti foni ikatayika zisatayikire limodzi. Za pakamwa azilemba m'kope tsiku lomwelo: nthawi, malo, mawu ake, ndi amene analipo. Amuyankhe kamodzi, molemba, kuti sakufuna, basi.

Kenako alembere mphunzitsi amene anamutumiza kumeneko ndi ofesi yoona za ophunzira, kupempha kuti amusamutse kapena fomuyo asaine munthu wina. Mamakisi amachokera kusukulu, si kwa bamboyo yekha. Kupolisi ya Nchalo kapena Chikwawa funsani Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Zokambirana m'nyumba zoti akupepeseni ndi ndalama musalole. Mawa adzachitira mwana wa wina.

Ngati anamugwiririra kale, asayambe wasamba kapena kuchapa zovalazo, apite kuchipatala msanga. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwa masiku 28. Apemphenso mapiritsi oletsa mimba a pangozi ndi lipoti la dokotala. Mupite naye inuyo, asapite yekha.