Mafunso Anu: Kodi Fortnite ndi ya ku Japan?

Funso: Akulu tithandizeni. Ine ndi mnzanga timasewera magemu pa kashopu kena ku Chibavi kuno ku Mzuzu nde takhala tikukangana, iyeyo akuti Fortnite ndi ya ku Japan poti muli Goku ndi Naruto, ine ndikuti ayi. Nanga bwanji magemu a azungu masiku ano akumaoneka ngati ma anime? Wowerenga wanu, Chibavi.

Yankho: Achimwene mwawina ndinu. Fortnite ndi ya Epic Games, kampani ya ku America, Naruto, wa mu makatuni a ku Japan aja amati anime, anangomulowetsamo mu 2021 atagwirizana ndi eni ake, Goku wa mu anime ya Dragon Ball anabwera 2022 ndi kamenyedwe kake kotchuka ka Kamehameha komwe. Koma mnzanuyo musamuseke, maso ake akuona zoona ndithu.

Nkhani yake ndi yoti anthu ambiri amene akupanga magemu pano anakula akuonera makatuni a ku Japan. Ku America kunali Toonami, pulogalamu yoonetsa makatuni otere pa Cartoon Network, kuyambira 1997, ku France ana ankaonera Dragon Ball pa pulogalamu ya ana ya pa TV ya Club Dorothée, nde anawo atakula nkuyamba ntchito mukuganiza akanajambula chani? Bungie, omwe aja a Halo, anatulutsa gemu ya Oni mu 2001 ndipo aliyense amene anaonerapo anime ya Ghost in the Shell amangozindikira pompo komwe mtsikana wa mugemumo anachokera. A ku France ena popanga gemu ya Furi mu 2016 sanafune zongotengera, anakaitana Takashi Okazaki mwini wake wa Afro Samurai kuti awajambulire anthu ake.

Ambiri amangoona maso akuluakulu ndi tsitsi losongoka basi, koma ine chimene chimandigwira mtima ndi kayendedwe. Tayang'anitsitsani munthu akaponya chibakera, chithunzi chimaima kaye pang'ono pokha, mizere nkuthamanga kumbuyoko, kuwala kuti ng'ani, kenako winayo nkuuluka. Anime inakulitsa zimenezi chifukwa cha kuchepa kwa ndalama ndi nthawi, Osamu Tezuka popanga Astro Boy ya pa TV mu 1963 ankachepetsa zojambula kuti gawo lituluke sabata iliyonse, nde anaphunzira kuika mphamvu pa chithunzi chimodzi choima. Zomwe zinayamba ngati kupulumutsa ndalama pano ndi luso loti makampani olemera akulifuna. Mitundu nayo, thupi la munthu limangokhala ndi mbali yowala ndi mbali ya mthunzi, m'mphepete mzere wakuda, amati cel shading, ndipo ubwino wake gemu yotere sikalamba msanga ngati zija zofuna kufanana ndi munthu weniweni.

Cyberpunk 2077 ndi ya ku Poland koma njinga yamoto yofiira ya mugemumo imakumbutsa ya mu Akira, anime ya 1988, ndipo Studio Trigger ya ku Japan itapanga anime ya Edgerunners yochokera pa gemuyi mu 2022 anthu anakhamukiranso kugemuyo ngakhale inayamba ndi mavuto ambiri. Komanso sikuti madzi akungoyenda mbali imodzi ayi, Tezuka yemweyo maso akuluakulu aja ankakonda a mu makatuni a Disney.

Chimene sindigwirizana nacho ndi kungomata Goku mugemu kuti ana agule skin, kutanthauza maonekedwe ogula a munthu wa mugemu, pamenepo ndi malonda chabe, osati ngati Furi yomwe kamenyedwe konse kanamangidwa pa kalembedwe kameneko.

Mnzanuyo mukamufunse za Genshin Impact, mwina adzati Japan. Imeneyo ndi ya miHoYo, ku Shanghai, China.