Notsender, Notfunkbake, ELT: kodi ndi zinthu zitatu?

Ndalandira imelo kuchokera kwa chemwali wina amene akuphunzira zokonza ndege ku Germany. Akuti mkalasi aphunzitsi amati Notsender, m'buku alemba Notfunkbake, koma mamekaniki kuntchito amangoti ELT, ndiye mutu wabalalika.

Achemwali, pa ndege ndi kachipangizo kamodzi komweko, kothandiza kupeza pomwe ndege yagwera (ELT ndi chidule cha Emergency Locator Transmitter). Not ndi ngozi, Sender ndi chotumiza siginolo. Notfunkbake ndi dzina lokulirapo chifukwa limakhudzanso EPIRB ya masitima apamadzi ndi PLB yomwe munthu amayenda nayo mthumba, koma ku hangala mukangoti ELT palibe angakufunseni kawiri.

Ndege ikamenya pansi mwamphamvu kamayaka kokha, nkumatumiza siginolo pa 406 MHz pafupifupi masekondi 50 aliwonse, masetilaiti a Cospas-Sarsat, omwe ntchito yawo ndi kumvera masiginolo a ngozi, nkuitola. Siginolo ina yomwe kamatumizanso, ya 121,5 MHz (Ajeremani amalemba ndi koma, musadabwe) ndi yoti helikopita ikayandikira izilondola komwe ikuchokera, kulondolako ndiye peilen. Kuyambira pa 1 February 2009 masetilaiti anasiya kumvera 121,5 ndiye ELT yachikale yopanda 406 ikhoza kulira tsiku lonse masetilaitiwo osamva kanthu.

Uthenga ukafika, ofufuza ndi kupulumutsa ndi a Such- und Rettungsdienst. Zapamtunda amayendetsa ndi asilikali ku SAR-Leitstelle ya ku Münster, zakunyanja ndi ku Glücksburg. Lina loti mulidziwe ndi Fehlalarm, pamene ELT yalira chonsecho kulibe ngozi, ndipo nthawi zambiri amaiyatsa mwangozi ndi anthu ngati inuyo mukamakonza. Nchifukwa chake iliyonse amailembetsa ku Luftfahrt-Bundesamt, bungwe la boma loona za ndege, ku Braunschweig, kuti ikalira ayambe aimbira kaye mwini ndege.

Koma ine mawu omwe ndingakukakamizeni ndi Ablaufdatum, tsiku lomwe batire limatha mphamvu. Nonse mukukumbukira Dornier 228 ija inagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024, momwe tinataya a Saulos Chilima ndi anthu ena 8, ndipo inapezeka mawa lake. Anadzafufuza ndi a BFU, bungwe la ku Germany lofufuza ngozi za ndege, a ku Braunschweig komweko, ndipo lipoti lawo linati batire la ELT linali litatha kale mu 2004. Ndiye akakupatsani Prüfung ya ELT, kutanthauza ntchito yoiyesa ngati ili bwino, yambani kuwerenga deti ili pa batirepo, kenako muone waya wa antena, komanso ngati switchi ili pa ARM (yokonzeka kuyaka yokha), osati OFF.