Utsi wa pamoto ndi chifuwa cha mwana

Mayi wina wafunsa ngati utsi wa pamoto ungakhale gwero la chifuwa cha mwana wake wakhanda. Inde mayi, utsi wa nkhuni ukhoza kukhala gwero la chifuwa cha mwana wanuyo, makamaka poti mumaphika ali kumsana. Mapapo a khanda ndi anthete, utsi umalowa mpaka mkati n'kutsegulira njira chibayo. Kwathu titayamba kuphikira panja pa Chitetezo Mbaula (mbaula ya dothi yosatha nkhuni zambiri) ndi nkhuni zouma bwino, kutsokomola kwa ana usiku kunachepa kwambiri. Majumbo musamayatsire moto, utsi wake ndiye woopsa zedi. Komanso mu Juni ndi Julayi mbaula ya makala isagone m'nyumba yotseka, mpweya wake sununkha koma umapha.

Mwana akamapuma mofulumira, kubanika kapena kutentha thupi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chifuwa chikapitirira masabata awiri, akamuyeze TB.