Kwa mphunzitsi amene akufuna kutula choko pansi

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, achemwali. Mwati mwangochoka kumaphunziro a masiku ochepa a silabasi yatsopano, muli ndi ana oposa 100 mu Sitandade 2, mabuku sanafike, ndiye mukufunsa ngati si bwino kungoisiya ntchitoyi. Nditamaliza kuwerenga ndinangokhala phee kwa kanthawi, chifukwa funso limeneli linandisowetsapo tulo inenso.

Chinali chaka cha 2007, pamene silabasi yatsopano ya ku pulayimale yotchedwa PCAR inkayamba kulowa m'masukulu kuyambira Sitandade 1. Anatiitanira ku TDC ya zoni yathu, malo amene aphunzitsi amakumanako pochita maphunziro a ntchito yawo. Amene ankatiphunzitsawo nawonso anali atachita kuphunzitsidwa ndi ena, enawo anamva kwa enanso. Zinali ngati kutunga madzi ndi dengu: pofika kwa ife anali atatsala madontho okha. Tinauzidwa kuti tsopano mwana ndiye mwini phunziro, mphunzitsi azingowongolera. Tinauzidwanso kuti mwana aliyense aziyesedwa mosalekeza, ndipo zimene wakwanitsa zizilembedwa. Kunena zoona, mfundozo zinandigwira mtima, ndipo mpaka lero sindizinyoza. Koma Lolemba lake ndinabwerera kwa ana 130 okhala pansi, ena mpaka pakhomo, ine ndili ndi choko chimodzi ndi bolodi long'ambika pakati.

Ndinkalemba marekodiwo usiku, nyali ili pambali. Dzina, chongani. Dzina, chongani. Woyendera sukulu atabwera anatsegula sikimu, lesoni pulani ndi mabuku a mayeso, nandiyamikira kuti ndine chitsanzo. Sanafunse mwana ngakhale mmodzi kuti awerenge. Patapita masabata awiri ndinaitana kamtsikana kena kamene kankakonda kukhala kumbuyo, kofatsa, kovala juzi lofika m'mawondo. M'buku langa kanali ndi machongi okhaokha. Ndinalemba "ba" pa bolodi. Kanayang'ana chilembocho, kenako nkhope yanga, kenako pansi, chala chili m'kamwa. Kankangotsatira mawu a anzake poimba, chaka chonse. Tsiku limenelo ndinapita kunyumba manyazi atandigwira, osati chifukwa cha mwanayo ayi, koma chifukwa cha bodza limene ndinalilemba ndi dzanja langa.

Ndiye ndikamamva kuti silabasi yasinthanso, funso langa loyamba silikhala lakuti muli zotani m'menemo. Ndimafunsa kuti adzaiphunzitse ndani, kwa ana angati, ali ndi chiyani m'manja. Akatswiri a ku MIE ku Domasi, bungwe lokonza masilabasi, amalemba zinthu zanzeru, ena mwa iwo anagwirapo choko. Koma pepala siliphunzitsa mwana. Boma lenilenilo limanena kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, ndipo aliyense wodziwa sukulu za kumudzi akudziwa kuti m'makalasi ang'onoang'ono ndi momwe chiwerengerochi chimaphulika. Tili ndi chizolowezi choipa chounjika aphunzitsi ku Sitandade 8 pofuna kukhoza mayeso a MANEB, n'kusiya mmodzi yekha ndi khwimbi la ana a Sitandade 1. Kumeneko ndi kufolera nyumba yopanda maziko, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaletsa mawa lomwe.

Vutoli silinayambe dzulo. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, ana a anthu osauka analowa m'kalasi. Koma panalembedwa aphunzitsi masauzande osapita kukoleji, amene anadzaphunzitsidwa pambuyo pake kudzera mu MIITEP, ndondomeko yophunzitsa aphunzitsi ali kale pantchito, ndipo makalasi sanamangidwe mofanana ndi kuchuluka kwa ana. Kuyambira pamenepo takhala tikuthamangitsa mthunzi wathu womwe.

Nkhani ya chiyankhulo nayo imandipweteka. Lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi ndicho chikhale chophunzitsira. Nanga mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene kwawo amayankhula Chiyao kapena Chitumbuka, Chichewa chomwe akuchimva movutikira, mukamuuza za kuphatikiza manambala m'Chingerezi amva chiyani? Aphunzitsi timangomasulira mwakachetechete, ndipo tisachite nazo manyazi.

Osatinso zonse zatsopano n'zachabe. Ndondomeko yowerenga ya NRP itabwera mu 2016 ndinaikayikira, koma inandigonjetsa. Kuyamba ndi maliwu a malembo, kenako maphatikizo, kenako mawu. Mphunzitsi kuonetsa, kuchitira limodzi, kenako mwana yekha. Ndinaona ana akuwerenga chaka chisanathe. Kusiyana kwake kunali kwakuti buku linafika m'manja mwa mwana, ndipo maphunziro athu sanali a ulendo umodzi basi.

Chimene chimathyola mtima wa mphunzitsi kwenikweni si silabasi. Ndi kukhala pa giredi yoyambira ya PT4 zaka khumi ndi kuposerapo osakwezedwa, mpaka mwana amene unamuphunzitsa kugwira pensulo n'kudzakupeza pa giredi yomweyo. Ndi kumaliza maphunziro a uphunzitsi a IPTE n'kukhala pakhomo kudikira kulembedwa ntchito pamene masukulu akulira aphunzitsi. Ndi kuyenda mtunda wautali m'matope chifukwa pasukulu palibe nyumba. Aphunzitsi atanyanyala ntchito mu 2021 pansi pa bungwe lawo la TUM pofuna alawansi ya chiopsezo cha Covid-19, anthu ena ankati ndi dyera. Ine ndimati kunali kutopa kwa zaka zambiri kumene kunangopeza potulukira. Ngati tikufuna mphunzitsi akhale ndi laisensi ya bungwe loyang'anira aphunzitsi la Teachers Council ngati katswiri, timufunsenso maganizo ngati katswiri silabasi isanasindikizidwe, osati kumuitana zonse zitapsa kale.

Tsono muchite chiyani?

Musasiye teremu ino, mtima uli m'mwamba chonchi. Tengani buku la mphunzitsi, musankhe zinthu ziwiri kapena zitatu zimene mwana sangapite nazo ku Sitandade 3 asakuzidziwa, makamaka kuwerenga ndi kuwerengera, ndipo mulimbe pamenepo. Tsiku lililonse itanani ana asanu, mmodzimmodzi, akuwerengereni. Pakutha kwa mwezi mudzakhala mutamva mawu a aliyense. Musachonge chimene simunachione. Pemphani ahedi akupatseni mnzanu wothandizana naye kapena agawe kalasiyo, ndipo zosowa zanu muzilembe pakalata yopita kwa a PEA, alangizi a masukulu a m'zoni yanu, musunge kope lake. Ngati pofika kumapeto kwa chaka mtima ukadali womwewo, mundilemberenso, tidzakambirane za kupitiriza maphunziro kapena njira ina. Kamtsikana kaja ndinakhala nako pakhonde masana aliwonse kwa miyezi iwiri, ndipo tsiku limene kanawerenga "bambo" kokha kanathamanga kukauza anzake, n'kuiwala juzi lake pansi.